Gologolo, Bwato la Thanga ndi Nkhokwe Yomata

Padangokhala, nthawi ija nyama zinkalembana ntchito ndi kupatsana maudindo, padali Gologolo wina amene adakalambira pa ukapitawo wa nkhokwe za mfumu Njati. Ntchito yake idali kukwera, kusuzumira, kutsika, kukanena kwa mfumu kuti zonse zili bwino, m'mawa mwake kukweranso. Adaigwira mpaka mchira udachita imvi. Tsiku lomutsanzika, Njati adamuthokoza pa bwalo, namupatsa mtedza wodzaza nkhokwe yathunthu.

"Kapumeni, a Gologolo," adatero Njati. "Uwu ndi wa ukalamba wanu. Muzikadya pang'onopang'ono."

Nachisale, mkazi wa Gologolo, adamva mawu oti pang'onopang'ono. Gologolo adangomva oti kapumeni.

Zaka zonsezo, akakwera pa denga la nkhokwe, ankaona mabwato a thanga akudutsa pa nyanja, chinsalu chitakhuta mphepo, popanda wopalasa, popanda mfumu yowaitana kuti adzanene zimene aona. Tsono atangopuma sadachedwe. Adapita ku doko, napeza Katumbu akugulitsa bwato lotero.

"Bwatoli limadya chiyani?" adafunsa Gologolo.

"Mphepo, achimwene," adayankha Katumbu.

"Nanga mphepoyo amagula kwa yani?"

"Amagula? Imangobwera yokha, siodira n'komwe."

Pompo Katumbu adamuphunzitsa nyimbo ya amalinyero. Idali nyimbo yokoka, yoyenda ngati funde, yonena kuti mphepo siigulidwa, kuti palibe adatumapo mesenjala kukatolera msonkho wa mwera, ndi kuti mwini thanga alibe kapitawo. Gologolo adafika nayo kunyumba ili pakamwa.

Nachisale adamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Bambo, tatsegulani kukamwa."

"Chifukwa?"

"Ndione mano otsala. Mukuona ngati ndi mano amenewa, ndi misana iyi, tidzalimanso? Nkhokwe iyi ikatha palibe ina."

Gologolo adakhala pansi. Sadachite nthabwala tsopano.

"Anachisale, moyo wanga wonse ndakhala ndikusuzumira mtedza wa eni. Kodi masiku otsalawa ndiwathere kusuzumira wanga?"

Nachisale adanyamuka. Adakwera pa nkhokwe, natapa mtedza wa pamwamba, nauthira m'matumba. Wotsalawo adaumata ndi dothi ponseponse, osasiya ngakhale polowa nyerere.

"Wam'matumbawu ndi wa bwato lanu," adatero. "Wam'katimu ndi wa tsiku limene miyendo idzakane. Matumba akatha, tibwerera. Lumbirani."

Gologolo adalumbira. Kenako adadabwa kuona mkazi wake akumanga mphika ndi mphasa.

"Kodi nanunso mupita?"

"Mumati ndikusiyani nokha ndi matumba?"

Katumbu atalandira matumba angapo monga mtengo wa bwato, adachoka pa doko akudumphadumpha ndi kugudubuzika, osacheuka ngakhale kamodzi. Gologolo adagwedeza mutu.

"Chisoni chamusokoneza mnzathuyu. Ankalikonda bwato lake."

"Eya," adatero Nachisale. "Chisoni chake n'chovina."

Masiku oyamba adali okoma, tisaname. Ankadzuka pamene tulo tathera, osati pamene ng'oma ya mfumu yalira. Akafuna kumpoto ankapita kumpoto, akasintha maganizo pakati pa ulendo palibe ankawafunsa. Nachisale, amene chibadwire sadawolokepo ngakhale mtsinje waukulu, adaphunzira kugwira tsigiro, thabwa lija lowongolera bwato, ndipo akaligwira ankakana kulisiya. Tsiku lina Gologolo adamupeza akuseka yekha, mphepo ikumukupiza makutu.

"Mukuseka chiyani, Anachisale?"

"Sindikuseka. Ndi mphepo yatsegula milomo."

Gologolo akayambitsa nyimbo ija, Nachisale ankangovomera ndi m'mphuno, koma phazi linkagunda.

Kenako kudabwera mwera. Udawomba, udawomba, thanga lidangoti kwee, kung'ambika pakati. Adapalasa mpaka pa doko lapafupi, nakapeza Kangaude, telala wa kumeneko, ali pa khonde.

"Thumba lathunthu," adatero Kangaude atayeza chong'ambikacho.

"N'zochepa pa luso lanu," adatero Gologolo. "Koma inu a telala, mwaonda bwanji? Pa khonde pano mumagwira ntchentche zingati?"

"Masiku ano n'zosowa."

"Pepani. Ife pakati pa nyanja timavutika ndi nkhungu, tizilombo tija touluka ngati utsi. Timamatirira pa thanga mpaka timachita kusesa."

"Mumasesera kuti?"

"M'madzi. Nanga tikatani nato?"

Kangaude adatsala pang'ono kulira.

"Pamwamba pa mlongoti wopachikapo thanga pali malo a munthu mmodzi," adapitiriza Gologolo, akuyang'ana kumbali. "Koma ambiri akuwafuna."

Kangaude adasoka thanga lonse tsiku lomwelo, ulere, kuti malowo akhale ake. Gologolo adatsinzinira mkazi wake. Koma pokwera m'bwato Kangaude adatambasula dzanja.

"Kusoka ndasoka ulere, monga tidapangana. Koma ulusi umachokera m'mimba, ndipo mimba siigwira ntchito ulere. Theka la thumba."

Theka la thumba lidapita.

"Mwaona?" adatero Gologolo atanyamuka. "Ndapulumutsa theka."

Adayambitsa nyimbo. Tsopano Nachisale adavomera ndi pakamwa, koma adaonjezamo zake: mwamuna akati mphepo siigulidwa, iye ankayankha kuti ulusi umagulidwa. Kangaude pa mlongoti adaikonda nyimboyo, namavomera nawo mbali ya ulusi.

Adayenda, adayenda. Tsiku lina Nachisale adadzuka mphasa itanyowa.

"Bambo, kodi nyanja ija siimakhala kunja kwa bwato?"

Matabwa adali atafumbwa. Mphutsi zidali zitaboola timabowo, madzi akulowa ngati alendo odziwa pakhomo. Adakapa madzi ndi chikho mpaka kukocheza pa doko lina, kumene kudali kalipentala Gogomole. Iye adagogoda apa, adagogoda apo, natchera khutu.

"Muli mphutsi zambiri umu. Kuzichotsa ndi thumba lathunthu."

Gologolo adachita ngati sadamve bwino.

"Thumba limodzi lokha? Ayi, a kalipentala, onjezerani. Mphutsi zimenezi ndazinenepetsa ndi matabwa anga."

"Ndionjezere? Wolipira ndani apa?"

"Ndinu. Nanga mukazichotsa mukazitaya?"

Gogomole adameza malovu.

"Ndikadya," adavomera.

"Ndiye mudye ziweto zanga, ine n'kukulipirani? Kwanu kuno mumatero?"

Adakangana mpaka adagwirizana kuti pasakhale wolipira mnzake. Gogomole adayamba ntchito, go go go, ndipo poti adali ndi njala adaigwira ndi mtima wonse. Pomaliza mphutsi zidatheratu, koma pamene padali kabowo kolowa singano padatsala bowo lolowa chala.

"Tsopano mukufunika phula lomatira," adatero Gogomole akupukuta mlomo. "Amagulitsa ndi a Njuchi."

Gologolo adapita kwa Njuchi ali ndi nkhani yokonzeratu m'mutu. Adangoyamba moni, Njuchi zidatchula mtengo. Adati ayankhe, zidayandikira. Adati afotokoze, zidayandikiranso. Njuchi sizikambirana mtengo. Gologolo adabwerera ku bwato kukatenga thumba, nabwereranso kukatenga lina.

Ponyamuka nyimbo idayamba motsika. Nachisale adavomera mokweza, ndipo pa ulusi paja adaonjezapo phula. Mbali yake idayamba kutalika kuposa ya mwamuna.

Adayenda, adayenda, mpaka thumba lidatsala limodzi, nalonso lofota. Nkhuni zidatha, ndiwo zidatha. Adalunjika pa doko lalikulu. Kumeneko bwana wa doko adali Ng'ona, amene aliyense wokocheza ankamulipira msonkho. Adakali patali, Ng'ona adatulukira m'madzi pambali pa bwato.

"Madala, msonkho wa doko."

Gologolo adaponya nangula pompo, asadafike ku mtunda.

"Msonkhowo amalipira ndani, bwana?"

"Aliyense wofika pa doko."

"Ife sitidafike. Onani, tikadali pa madzi."

Ng'ona adayang'ana bwato, adayang'ana mtunda, naona kuti n'zoona. Adamira akung'ung'udza. M'mawa mwake adatulukiranso akumwetulira mano onse.

"Ndaona pansipa. Nangula wanu wagwira dothi, ndipo dothilo ndi la doko langa. Mwafika."

"Wagwira? Ndi wamwano nangula ameneyu, sitidamutume," adatero Gologolo, namukoka msangamsanga. "Onani tsopano, bwana. Palibe chathu chagunda chanu."

Ng'ona adakukuta mano.

"Chabwino. Yandamani. Ndiona ngati mudya madzi. Koma tsiku limene phazi lanu liponde mtunda, mulipira ndi za masiku onse mwandizunguza."

Bwato lopanda nangula silikhala malo amodzi. Lidatengeka uku, lidatengeka uko, iwo akusinthana pa tsigiro osapuma, mtunda akuuona koma osauponda. Ankadya mtedza wauwisi. Maondo a Nachisale adatupa chifukwa chokhala malo amodzi. Gologolo adayesa kuyambitsa nyimbo, koma mbali ya mkazi wake idali itatalika kwambiri, ulusi, phula, zingwe, nkhuni, msonkho, mwakuti asadamalize, mphepo ija yosagulidwa aliyense adali ataiiwala.

Nachisale adakutumula thumba lomaliza, nalipinda.

"Bambo, matumba atha. Mudalumbira."

Gologolo adakanda kumutu.

"Anachisale, dothi lija mudamata pa nkhokwe, silingang'ambike pang'ono? Kabowo kolowa dzanja limodzi."

"Ayi."

"Taganizani. Tikhoza kufa mawa. Mtedza wonse uja n'kudyedwa ndi anankafumbwe, ife tili m'manda ndi njala ya nyanja."

"Zoona, tikhoza kufa mawa," adatero Nachisale. "Nanga tikapanda kufa? Chimene chikundiopsa ine n'chimenecho. Mwinatu tikhala, bambo. Tikhala mpaka maso achite khungu, mpaka mudzalephere kukwera ngakhale chitsa. Tsiku limenelo mudzapita kwa yani ndi mbale? Kwa Katumbu?"

Kenako Nachisale adalankhulanso, motsitsa mawu.

"Musaganize kuti ine ndikufuna kubwerera. Tsigiro ili ndalikonda kuposa mtondo. Koma nkhokwe ija simuigwira. Mukaigwira, mupita nokha pa nyanja, ndipo pobwera simundipeza."

Apa Gologolo adaona kuti zafika posaseka. Bwato ankalifuna, mkazi ankamufuna, nkhokwe idali yomata. Adakhala pamphuno pa bwato, mchira utagwa, akulingalira. Adakumbukira mmene Katumbu adavinira tsiku lija. Adalingalira za ulusi, za phula, za msonkho, naona kuti zonsezi zinkalondola munthu mmodzi yekha, mwini bwato. Wokwera sizinkamudziwa. Mchira udayamba kudzuka pang'onopang'ono.

"Anachisale, lunjikani pa doko."

"Tikalipira chiyani?"

"Lunjikani basi. Ndipo mukaona ndikulira, musandiseke."

Adakocheza dzuwa lili pamutu, doko litadzaza nyama. Ng'ona adabwera akukwawa mwachifumu.

"Mwafika tsopano, madala?"

"Tafika, bwana, ndipo tagonja," adatero Gologolo, akupukuta maso. "Mtedza watha. Ndingokupemphani mundidikire pang'ono, ndikagulitse bwatoli kwa a Mvuu, bwana wa doko la kutsidya, ndidzakulipireni."

Ng'ona ndi Mvuu sankamwerana madzi. Maso a Ng'ona adatong'oka.

"Mvuu akufuna bwato la chiyani?"

"Kaya. Koma inu mukudziwa mmene anthu amalankhulira. Amati bwana weniweni wa doko amaoneka ndi thanga lake. Mwa mabwana onse a nyanja ino palibe ali nalo, ndiye amene ayambe, ena onse azidzaoneka ngati alonda."

"Bwato ili silichoka pano!" adakuwa Ng'ona. "Lili pa doko langa, lili ndi mlandu wa msonkho. Ndalilanda!"

"Mayo ine! Lonse, bwana? Ndi thanga lomwe?"

"Ndi thanga lomwe."

"Ndi matabwa, ndi zingwe, ndi zonse za bwatoli, za lero ndi za mawa?"

"Zonse! Imvani nonse muli pano, bwato ili ndi la Ng'ona!"

"Mwamva, anthuni," adatero Gologolo mosisima. "Mwamva inu a telala pamwambapo. Mwini wake ndi bwanawa."

Adatsitsa mphika ndi mphasa, nakhala ndi mkazi wake pansi pa mtengo pafupi ndi doko. Nachisale adapeza nkhuni ndi masamba, naphika, nawongola miyendo. Gologolo adati asapite kwawo msanga, adikire aone.

Ng'ona adatumiza uthenga ku madoko onse kuti iye tsopano ndi bwana wa thanga. Kenako adakwera m'bwato kuti akadzionetse kutsidya. Adati akoke chingwe, manja adafupika. Adati agwire tsigiro, mchira udakankha mlongoti. Adaluma chingwe ndi mano, chidaduka, thanga lidamugwera kumutu ndi kung'ambika. Nyama za pa doko zidayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.

Kangaude adatsika pa ulusi wake.

"Bwana, thanga lang'ambika. Thumba lathunthu, ulusi padera."

"Kauze Gologolo!"

"A Gologolo alibe bwato, bwana. Tidamva tonse."

M'mawa mwake bwato lidayamba kulowa madzi, chifukwa kulemera kwa Ng'ona kudatsegula phula. Gogomole adaitanidwa, ndipo popeza mphutsi zidali zitatha, adafuna mtedza weniweni. Njuchi nazo zidabwera, zidatchula mtengo, zidayandikira mphuno ya Ng'ona, pamene khungu lake ndi lofewa. Ng'ona adalipira. Kulisiya kuti limire sakadatha, pakuti Mvuu adali atatumiza kale mthenga kudzafunsa kuti kodi bwana wa thanga afika liti, amukonzere phwando.

Pomaliza Ng'ona adakwawira pansi pa mtengo paja.

"A Gologolo, mwaswera bwanji?"

"Taswera, bwana. Kaya inu ndi bwato lanu?"

"Ndikufuna woliyendetsa."

"Pepani, ine ndidapuma pa ntchito. A Njati adanditsanzika pa bwalo."

"Si ntchito kwenikweni. Muzingoyenda nalo, anthu aziliona, azidziwa kuti ndi langa."

Gologolo adayang'ana kumwamba ngati munthu wopemphedwa chinthu cholemera.

"Likang'ambika thanga?"

"Ndilipira ine."

"Phula? Msonkho wa m'madoko?"

"Ine. Bwato la bwana silipereka msonkho."

"Nanga kopita? Pajatu pa nyanja wolamula ndi mphepo. Mukatituma kumwera, iyo n'kutitengera kumpoto, musadzati takudererani."

"Pitani kumene mphepo ifuna, bola dzina langa limveke."

Apa Nachisale adatsokomola.

"Pali zinanso, bwana. Woyendetsa amadya. Kamtedza ka pa ulendo kazichokera kwa inu. Ndipo nyengo ya mwera bwato lizikhala pa mtunda, ife tizipita kwathu kukaona pakhomo ndi kupalira kadimba."

"Kadimba?" adadabwa Gologolo. "Anachisale, zimenezo sitidapangane."

"Tapangana pano," adatero Nachisale.

Ng'ona adavomera zonse. Adangoonjeza kamodzi kokha, kuti tsiku la msika uliwonse azimutenga iye mwini, amuyendetse pamaso pa doko la Mvuu, apite ndi kubwera, apite ndi kubwera.

Choncho Gologolo ndi Nachisale adabwerera pa nyanja, nkhokwe yawo ili chimatire. Masiku ambiri ankayenda okha ndi Kangaude, kumene afuna, akumati ndi mphepo. Ng'ona adaphunzira nyimbo ija, ndipo ankaikonda koposa. Ankaiimba ndi mawu a pansi pa mimba, akunena kuti mphepo siigulidwa, pamene Njuchi zikumudikira pa doko. Nachisale sankaonjezamonso kanthu. Ankangoomba m'manja mwaulemu.

Koma tsiku la msika lidali tsiku la msika. Ng'ona akagona m'bwato, mphuno kutsogolo mchira kumbuyo, bwato linkatsika mpaka madzi kumalowera pamwamba. Nachisale ankakhala pa tsigiro. Gologolo ankapanikizika pakati pa mchira wa bwana ndi thabwa, chikho m'manja, kukapa, kutaya, kukapa, kutaya, thukuta lili kamukamu.

"Kapitawo!" ankaitana Ng'ona osacheuka. "Zili bwanji kumbuyoko?"

"Zonse zili bwino, bwana!"

Tsiku lina Nachisale adawerama, namunong'oneza.

"Bambo, paja mudati mudapuma pa ntchito?"

Gologolo adataya chikho china cha madzi, napuma mwamphamvu.

"Ndidapuma, Anachisale. Izi si ntchito."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi mtengo wa mphepo. Gwirani tsigiro bwino, a Mvuu akutiyang'ana."

Nthano yakocheza pompa. Amene akadali m'bwato atsike.